Kuchoka ku Harare Kukawerenga Mbalame za M'matope a Nyanja ya Mchere

Loweruka, Chimoio

Tanyamuka ku Mount Pleasant m'bandakucha pa minibasi imodzi yokoka kangolo kodzaza ndi matenti, ufa, miphika ndi mabokosi a magalasi oonera patali. Ndife ophunzira za zamoyo pa University of Zimbabwe, ndipo ntchito imene tapatsidwa ndi yolemba mbalame ndi nyama zimene tiziona kuchokera kumtunda kuno mpaka kugombe la Indian Ocean m'dziko la Mozambique. Pagulu lathu tilipo angapo olankhula Chichewa. Ena tinabadwira ku Mabvuku, ku Mufakose ndi ku Dzivarasekwa kwa makolo amene mizu yawo ili ku Malawi, pamene ena anachita kubwera kuchokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre kudzaphunzira. Oyendetsa galimoto nawonso ndi akwathu, bambo wachikulire amene tonse tikuwatchula kuti amalume.

Msewu wa ku Mutare ndi wa makilomita oposa 260, wodutsa Marondera, Macheke, Headlands ndi Rusape, ndipo aphunzitsi athu sanalole kuti tigone m'njiramo. Anatiuza kuti kulemba kwayamba pomwe tatulukira pachipata, motero m'kope langa mwalowa kale akhwangwala a m'tauni, mnthengu pawaya wa magetsi, njiwa, ndi anamzeze ochokera ku Ulaya amene amafika kuno mu Okutobala. Titatsika Christmas Pass n'kudutsa pachipata cha Forbes kulowa ku Machipanda, kutentha kunasintha mofulumira. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamene pamalekezera nyanja, ndipo ulendo wonsewu ndi wongotsetsereka. Amene ali ndi ziphaso za Zimbabwe kapena za Malawi safunika viza paulendo waufupi ngati uwu, koma mapepala a galimoto ndi a kangolo anatidyera nthawi ndithu. Tagona ku Chimoio, pafupi ndi phiri la mwala la Cabeça do Velho, limene anamzeze ndi akabawi amalizungulira dzuwa likamalowa.

Lamulungu, Chitengo (msasa wa mu Gorongosa)

Pa Inchope, pamene msewu wa ku Beira umakumana ndi msewu waukulu wa EN1, tinakhotera kumpoto, tinaoloka mtsinje wa Pungwe, kenaka tinalowa mumsewu wafumbi wopita ku Gorongosa National Park. Pungwe ameneyu gwero lake lili ku Nyanga, choncho madzi amene tinawaona pansi pa mlatho ndi ochokera kwathu ku Zimbabwe. Chigwa cha Gorongosa nacho ndi kumapeto kwa chigwa chachikulu cha Rift Valley, chomwe chija muli nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire. Anzathu a ku Blantyre atangoona migwalangwa, milambe ndi mithethe ya makungwa achikasu anati tafika ku Lengwe. Ogwira ntchito ambiri kuno amalankhula Chisena, ndipo timamvana nawo popanda womasulira, zimene zadabwitsa anzathu olankhula Chishona okhaokha.

Malo amenewa anakhala paki m'chaka cha 1960. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 katswiri wa zachilengedwe Ken Tinley anawerenga nyama ali m'ndege ndipo anapeza njati pafupifupi 14,000, njovu 2,200 ndi mikango 200. Nkhondo yapachiweniweni ya 1977 mpaka 1992, yomwenso inathamangitsira anthu ambirimbiri ku Nsanje, ku Dedza ndi kwina ku Malawi, inapulula nyama zikuluzikulu zoposa 90 pa 100 zilizonse, chifukwa asilikali a mbali zonse ankafuna ndiwo ndiponso minyanga yosinthanitsa ndi zida. Mu 2008 boma la Mozambique linasaina mgwirizano wa zaka 20 ndi bungwe la Greg Carr wa ku America kuti akonzenso pakiyi.

Chimene chimaoneka msanga m'dambo la nyanja ya Urema n'chakuti nyama sizinabwerere mofanana. Anakodzwe, amene m'nthawi ya Tinley analipo 3,500 okha, tsopano aposa 50,000, ndipo kulikonse kumene munthu angaloze magalasi amaona misana yawo yotuwa mpaka kumene maso amalekezera. Njiri, mphoyo ndi anyani nawonso ndi osawerengeka, pomwe mbidzi sitinaione ngakhale imodzi. Mimbulu anachita kuibweretsa kuchokera ku South Africa mu 2018 kuti pakhale zilombo zochepetsako nyama zodya udzu. Madzulo tinakumana ndi njovu zazikazi, ndipo zingapo mwa izo zinalibe minyanga. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya Science mu 2021 anasonyeza kuti nkhondo isanayambe njovu zazikazi zopanda minyanga zinali pafupifupi 18 pa 100 zilizonse, koma mwa zimene zinapulumuka theka linali lopanda minyanga, popeza opha njovu sankataya nazo zipolopolo, ndipo chibadwa chimenechi zikupatsira ana awo aakazi. Wotiperekeza sanafune kuti galimoto iyandikire. "Achimwene, njovu zakuno sizinaiwale," anauza amalume, ndipo amalume anabwerera chambuyo osatsutsa.

Mbalame za m'madzi zinali zitaunjikana pazithaphwi zotsala: avuwo, adokowe a milomo yachikasu, akakowa, atsekwe, anantchengwa, ndi nkhwazi imene inkalira pamwamba pa zonsezi. Mkango sitinauone, ndipo anzanga ena agona ndi nkhope zakugwa. Ine sindikudandaula, chifukwa ntchito yeniyeni ili kugombe.

Lolemba, Savane

Kuchokera pa Inchope kupita ku Beira msewu umadutsa m'chidikha cha Pungwe, dziko lathyathyathya la mpunga ndi bango, limene linamira lonse pamene namondwe wa Idai anafika pa 14 Malichi 2019, yemwe uja anagumulanso mapiri a Chimanimani. Magalimoto onyamula mafuta ndi feteleza opita ku Harare ndi ku Malawi ndi ochuluka kwambiri moti kuima pambali kuti tione mbalame kunali koopsa. Mumzinda wa Beira tinangogula buledi ndi madzi, tinaima pang'ono pansanja younikira zombo ya Macuti, kenaka tinapitirira kumpoto pamsewu wamchenga wopita kumathiriro a mtsinje wa Savane.

Ambiri a ife nyanja ya mchere taiona lero koyamba, ndipo chimene chatisokoneza si kukula kwake koma kuyenda kwake. Ku Chivero, ku Kariba ngakhale ku Mangochi madzi amene wawasiya m'mawa umawapeza pomwepo madzulo. Kuno nyanja imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa, ndipo tsiku lililonse imachedwa ndi mphindi pafupifupi 50 poyerekeza ndi dzulo lake. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukafa, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kuno ku Beira kumafika mamita 6. Aphunzitsi atipatsa aliyense pepala la nthawi za kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja, ndipo anena kuti kuyambira lero kudya, kugona ndi kusamba ziziyendera pepala limeneli.

M'mbali mwa mtsinje muli nkhalango ya mitengo ya mangrove, yomwe imamera m'matope a mchere mmene mtengo wina uliwonse ungafe. Matopewo alibe mpweya, choncho mtundu wina, Avicennia marina, umatulutsa timizu tosongoka tambirimbiri toloza kumwamba kuti uzipumira, ndipo mchere umautulutsira pamasamba moti ukanyambita tsamba umaumva. Mtundu wa Rhizophora umaima pamizu yotuluka pathunthu, ndipo mbewu yake imamera ikadali pamtengo, n'kugwa ili kale ndi muzu. Madzi ataphwa, matope onse anayamba kuyenda ndi tinkhanu tating'ono, tatimuna tili ndi dzanja limodzi lalikulu limene timaligwedeza pokopa tatikazi, komanso tinsomba ta maso otuzuka timene timalumpha pamtunda ndi kupuma kudzera pakhungu. M'menemu ndi mmene ana a nsomba ndi a maprawn amakulira asanapite kunyanja yakuya. Tinaonanso zitsa zambiri zodulidwa kumene ndi matumba a makala m'mbali mwa msewu, koma sindingafulumire kuweruza, chifukwa mitengo imeneyi ndi yowongoka, yosafumbwa msanga, ndipo anthu amene nyumba zawo zinasasuka ndi namondwe alibe kwina kotenga milimo.

Mbalame ya tsikuli ndi mangrove kingfisher, ya mlomo wofiira ndi mapiko obiriwira ngati thambo, imene tinayamba kuimva tisanaione. Tinaonanso muimba woyera wotchedwa palm-nut vulture, umene mosiyana ndi miimba inzake umadya kwambiri zipatso za kanjedza ndi nkhanu. Udzudzu wa kuno ndi waukali, ndipo aliyense wakumbutsidwa kumwa mankhwala oteteza ku malungo, popeza ife okulira ku Harare thupi lathu silinawazolowere.

Lachiwiri, Vilankulo

Lero lathera m'galimoto. Tinabwerera mpaka pa Inchope, kenaka tinalowera kummwera pa EN1, msewu umene m'malo ambiri phula linatha n'kutsala maenje okhaokha. Pa Muxúngue tinagula zinanazi ndi mtedza wa kashu wokazinga. Tinaoloka mtsinje wa Save, womwenso umayambira kummwera kwa Harare, uli mchenga wokhawokha ndi timifuleni tochepa, ndipo m'nkhalango youma ya kutsidya kwake tinaona anang'omba akuyenda m'lupsa. Tafika ku Vilankulo kutada, ndipo tadya nsima ndi matapa, ndiye kuti chigwada chosinja chophikidwa ndi nsinjiro ndi mkaka wa kokonati. Kuno anthu amalankhula Chitswa, ndipo Chichewa chathu chaleka kugwira ntchito.

Lachitatu, Vilankulo

Dzuwa limatuluka msanga kuno kusiyana ndi ku Harare ngakhale wotchi ili yofanana, chifukwa tili kum'mawa kwambiri. Pamene tinkafika pagombe kummwera kwa tauni nyanja inali itathawa kutali, itasiya matope, mchenga wonyowa ndi udzu wa m'nyanja mtunda wautali zedi, ngalawa za asodzi zitagona chammbali poyera. Amayi ambiri anali atawerama ndi mabeseni akutola nkhono ndi nkhanu. Mbalame zinalipo, koma zitamwazikana kutali ngati timadontho, ndipo mnzathu wina anafunsa ngati tayenda ulendo wonsewu kudzaona zimenezi. Aphunzitsi anangoti tikhale pansi tidikire madzi.

Luso lonse la kuwerenga mbalame za m'gombe lagona pamenepa. Madzi akaphwa, mbalame zimabalalika kukadya ndipo sizingawerengeke. Madzi akamabwerera, amazikankha pang'onopang'ono kuchokera mbali zonse mpaka zitasonkhana pamilu ya mchenga yotsala, monga ng'ombe zolowa m'khola madzulo, ndipo zimaima pamenepo osadya kufikira nyanja itayambanso kuphwa. Munthu ali ndi maola ochepa okha, ndipo akayandikira mopupuluma zonse zimauluka, ntchito ya tsikulo n'kuwonongeka. Tinakhala atatuatatu, wina patelesikopu, wina ndi kope, wina ndi buku la mbalame. Woyang'ana amawerenga khumi bwinobwino, amasunga m'maso kukula kwa kagulu kameneko, kenaka amayesa gulu lonse ndi muyeso womwewo, mtundu umodzi pa nthawi. Magulu awiri akawerenga mulu womwewo n'kusiyana kwambiri, onse amayambiranso.

Chovuta n'chakuti pafupifupi zonse ndi zotuwa. Nthenga zofiirira ndi zakuda zimene zimavala poswana zinathothoka kale, choncho munthu amazisiyanitsa ndi mlomo, kutalika kwa miyendo ndi kadyedwe. Whimbrel ndi yaikulu, ya mlomo wopindikira pansi umene imazula nawo nkhanu m'mauna. Bar-tailed godwit mlomo wake ndi wautali wopindikira pang'ono m'mwamba, ndipo imaulowetsa wonse m'matope pofuna nyongolotsi. Terek sandpiper ndi yaifupi, ya miyendo yachikasu, yothamanga chowerama. Grey plover imaima, kuyang'ana, kuthamanga pang'ono n'kujompha, ndipo ikauluka imaoneka ndi banga lakuda kukhwapa. Sanderling imathamangitsana ndi mafunde m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Kusiyana kwa milomoku ndi kumene kumalola mitundu yambiri chonchi kudyera pabwalo limodzi osalimbana, chifukwa uliwonse umafika kuya kwakekwake.

Palibe imodzi mwa zimenezi imene imaikira mazira ku Africa. Zambiri zimaswana kumpoto kwenikweni kwa Russia m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chipale chasungunuka ndipo tizilombo tachuluka, kenaka zimathawa kuzizira n'kufika kuno kuyambira mu Seputembala, kudzakhala mpaka Epulo. Curlew sandpiper, imene lero inali yochuluka, imalemera magalamu pafupifupi 60 okha, koma imayenda makilomita oposa 10,000 ulendo umodzi, ikupuma ndi kudya m'matope a m'njira. Mu 2022 mwana wa bar-tailed godwit amene anamuika kachipangizo komulondolera anauluka kuchokera ku Alaska mpaka ku Tasmania, makilomita 13,560, masiku 11 osatera. Zathu zakuno zimadzera njira ina, koma thupi lake ndi lomwelo. Mbalame yotereyi imadalira malo aliwonse opumira a m'njira yake, ndipo amodzi okha akakwiriridwa kuti pamangidwe doko, kuchepa kwake kumaoneka kuno ngakhale gombe lakuno lisanakhudzidwe. Mu 2024 bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linaika curlew sandpiper ndi grey plover m'gulu la zamoyo zimene zili pachiopsezo, ndipo umboni wake unachokera m'makope a anthu okhala pamchenga ngati mmene takhalira ifemu, chaka ndi chaka, m'mayiko ambiri.

Madzi atatsala pang'ono kudzaza, panatera kagulu ka mbalame zoyera ndi zakuda, za miyendo yaitali yotuwa ndi milomo yakuda yochindikala. Ndi crab plover, imene aphunzitsi akhala akuitchula kuyambira ku Harare. Iyo sichokera ku Russia koma kuzilumba za Persian Gulf ndi Red Sea, kumene imakumba una mumchenga n'kuikiramo dzira limodzi loyera, khalidwe limene palibenso ina mwa mbalame za m'gombe ili nalo. Tinaiona ikugwira nkhanu, kuimenyetsa pansi ndi kuiphwanya. Mnzathu uja amene ankadandaula m'mawa anakana kuchoka patelesikopu, mpaka ndinamuuza kuti, "Achemwali, tipatseniko nafenso tione," ndipo anasuntha monyinyirika.

Lachinayi, Bazaruto

Tinapita kuzilumba pa ngalawa ya thanga yokhalanso ndi injini. Bazaruto Archipelago National Park inakhazikitsidwa mu 1971, ili ndi zilumba zisanu, Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi Bangue, ndipo kukula kwake pamodzi ndi madzi ndi masikweya kilomita 1,430. Kuyambira kumapeto kwa 2017 ikuyendetsedwa ndi boma mogwirizana ndi African Parks, bungwe lomwe lija likuyang'anira Majete, Liwonde ndi Nkhotakota ku Malawi komanso Matusadona ku Zimbabwe. Pazilumbazi pamakhalanso anthu masauzande angapo amene moyo wawo ndi usodzi.

Aliyense m'ngalawa maso anali pamadzi kufunafuna dugong. Nyama imeneyi imayamwitsa, imapuma mpweya, imafika mamita atatu m'litali, imadya udzu wa pansi pa nyanja wokhawokha, ndipo mwa nyama za pamtunda mbale wake wapafupi ndi njovu. Kale inkapezeka m'gombe lonse la kum'mawa kwa Africa, koma gulu lokhalo limene latsala ndi mphamvu yoberekana lili m'madzi a Bazaruto. Mu Disembala 2022 IUCN inalengeza kuti ma dugong a kum'mawa kwa Africa atsala pang'ono kutheratu, popeza akuluakulu ndi osakwana 250. Yaikazi imakhala ndi bere kupitirira chaka, imabala mwana mmodzi, ndipo pamapita zaka zitatu kapena kuposerapo isanabalenso, motero imodzi ikakodwa muukonde wa matchera n'kumira, malo ake satsekeka msanga. Ife sitinaione. Tinaona ma dolphin akusewera kutsogolo kwa ngalawa, kamba wam'nyanja amene anatulutsa mutu kamodzi n'kumira, ndiponso pamalo osaya woyendetsa ngalawa anatilozera mizere yoyera yokhotakhota m'kati mwa udzu, imene dugong amasiya akamazula udzuwo ndi mizu yomwe. Aphunzitsi anati tilembe mizereyo ngati chizindikiro chabe, osati ngati nyama yooneka, ngakhale ena ankafuna kukometsa lipoti.

Pachilumba chachikulu tinakwera phiri la mchenga kumapeto a kummwera, mchenga ukuotcha mapazi, ndipo pamwamba pake tinaona mbali imodzi mafunde aukali a nyanja yaikulu, mbali inayo madzi abata a mitundumitundu. Kuseri kwa mapiri a mchengawa kuli nyanja zing'onozing'ono za madzi opanda mchere mmene muli ng'ona, zotsalira za nthawi imene chilumbachi chinali cholumikizana ndi mtunda. Ma flamingo anali ataima m'madzi osaya, mitu ili pansi, ndipo pamwamba pathu pankauluka olive bee-eater, imene imaswana m'magombe a mchenga a pachilumba pomwepa ndipo ku Harare sitiiona. Amene amadziwa kusambira anapita kukaona matanthwe a korali a Two Mile Reef, ndipo abwerako akusimba za nsomba zamawangamawanga. Ine ndinatsala ndi telesikopu, chifukwa nyanja inkadzaza ndipo pamulu wa mchenga pafupi ndi pamene tinakocheza panali pakusonkhana ma tern (mbalame za m'nyanja zodya nsomba) a mitundu ingapo amene panalibe wowawerenga.

Loweruka, Harare

Dzulo lonse linali la pamsewu, ndipo tinagona ku Mutare titaoloka chipata. Kukwera Christmas Pass m'mawa uno aliyense anafunafuna juzi yake. Mvula yoyamba inagwa ku Harare ife kulibe, ndipo m'madambo mwayamba kubiriwira.

Ntchito yotsala ndi yapakompyuta. Zonse zimene tinalemba ziyenera kulowa m'kaundula wa mbalame za kummwera kwa Africa wotchedwa SABAP2, amene amagawa dziko m'timabwalo ta makilomita pafupifupi 9 mbali iliyonse, ndipo mbalame iliyonse imene magulu athu sanagwirizane dzina lake ichotsedwa pokhapokha patapezeka chithunzi. Pa mfundo imeneyi pabuka kale mkangano wa greater sand plover ndi mnzake wocheperapo, amene amasiyana pang'ono chabe pamlomo ndi miyendo, ndipo zikuoneka kuti zambiri tingozilemba kuti sand plover basi.

Aphunzitsi atiuzanso kuti ena mwa alendo a ku Russia aja safika kugombe konse, koma amatera kuno kumtunda. Wood sandpiper, ruff ndi little stint zimapezeka m'matope a m'mbali mwa Lake Chivero ndi m'madambo a mumzinda muno, ngakhale ena mwa madambowa akudyedwa ndi nyumba ndi minda ya chimanga chaka chilichonse. Chivero, Cleveland Dam ndi dambo la Monavale zili m'gulu la malo asanu ndi awiri a Zimbabwe olembedwa pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo. Mu Januwale a BirdLife Zimbabwe amatsogolera kuwerenga mbalame za m'madzi, ndipo kalasi yathu yapatsidwa gombe limodzi la Chivero. Amalume avomera kudzatitenga, koma anenetsa kuti nsapato zamatope sizidzalowanso m'galimoto mwawo popanda jumbo.